Kodi mutu wokha ungatiyendetse mpaka pati mu Harare?

Munthu wokhala mu Harare amagamula milandu yambiri dzuwa lisanafike pamutu, ngakhale sanapondepo pakhomo la khoti. Kombi yaima pa siteji ku Mufakose, malo alimo, koma dalaivala maso ali psuu: akwere kapena adikire ina? Wogulitsa matimati wabweza dola yakuda bii, yomata ndi selotepi: ailandire, nanga ikakanidwa kutsogoloko? Mnyamata waulemu wake waima pakona m'tauni, akuti ali ndi foni yatsopano pa theka la mtengo. Pa zinthu ngati izi palibe amatsegula buku. Timangoti tagwiritsa ntchito mutu, ndipo nthawi zambiri mutuwo umatilondolera bwino.

Ife amene makolo athu anachokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, nzeru za m'mutuzi timazilemekeza mwapadera, ndipo pali chifukwa chake. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu ku Salisbury, Harare wa lero, ena wapansi, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Ambiri sukulu anangoinunkhiza. Koma anaphunzira Chishona ndi Chilapalapa pa ntchito pomwepo, anadziwa kapitawo woyenera kumupewa, anakwatira, nalera ana ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa. Choncho mkulu akamauza mdzukulu wake wa digiri kuti "sukulu ndi ina, nzeru ndi zina," sakunena zopanda pake. Ali ndi umboni, ndipo umboniwo ndi moyo wake womwe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene timachiphonya tikamazitcha nzeru zachibadwa. Palibe amabadwa nazo. Mwana sabadwa akudziwa kuti foni ya theka la mtengo ndi yakuba kapena ndi sopo wokulunga m'katoni. Nzeruzi zimaunjikana pang'onopang'ono, kuchokera ku zimene munthu wadzionera yekha, zimene anamva zitagwera anzake, ndi zimene anthu a m'dera lake amazibwereza mpaka zimamveka ngati sizifunanso kufunsa. Ndiye kuti zili ndi kwawo. Zinaphunziridwa pamalo pena, pa nthawi ina, pansi pa malamulo ena. Zimakhala zakuthwa m'dera limene zinakulira, ndipo zikatuluka m'deralo zimabuntha mwini wake osadziwa, chifukwa mumtima amamvabe kutsimikiza komwe kuja.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anakanganapo pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Daniel Kahneman ndi mnzake Amos Tversky anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti maganizo athu achangu amalakwa, ndipo salakwa mwachisawawa ayi: amalakwira mbali imodzimodzi, anthu ophunzira ndi osaphunzira omwe. Ntchito imeneyi inam'patsa Kahneman mphotho ya Nobel mu 2002. Mbali inayi kunali Gary Klein, amene ankafufuza atsogoleri a ozimitsa moto ku America. Iye anapeza kuti anthu amenewa sakhala pansi n'kumayerekeza njira zitatu kapena zinayi. Amangoyang'ana n'kudziwa chochita. Nkhani yake yodziwika ndi ya mtsogoleri wina amene analamula anyamata ake kutuluka m'nyumba yoyaka asakudziwa chifukwa chake, ndipo atangotuluka pansi panagumuka. Moto weniweni unali m'chipinda cha pansi. Atamufunsa bwino pambuyo pake, zinadziwika kuti anazindikira zinthu ziwiri: m'nyumbamo munkatentha kuposa mmene moto wooneka uja ukanatenthetsera, komanso munali zii mosayenera. Thupi linadziwa mutu usanapeze mawu.

Mu 2009 Kahneman ndi Klein analemba limodzi, ndipo anagwirizana pa mfundo imene ndimaiona kuti ndiyo fupa la nkhani yonseyi. Maganizo achangu ndi odalirika pamene zinthu ziwiri zakwanira. Choyamba, malowo akhale a dongosolo, oti chizindikiro chakuti chimatsogolera chakuti lero, mawa ndi mkuja. Chachiwiri, munthuyo akhale wazichita kambirimbiri, ndipo akalakwa azidziwa msanga kuti walakwa. Chimodzi chikasowa, munthu akhoza kutsimikiza ndi mtima wonse koma ali m'tchire.

Mayi wogula matimati a pikulitsa ku Mbare Musika m'mamawa ali nazo zonse ziwiri. Akagwira bokosi, akanunkhiza, akapisa dzanja pansi pake, amadziwa ngati lifike Lachitatu. Akalakwa, phunziro limabwera mawa lomwe, ndipo limabwera ndi kuluza ndalama. Zaka khumi za maphunziro otere palibe koleji ingawapereke. Makaniko wa ku Gazaland amene amamvera injini n'kunena kuti vuto lili pakuti, mmisiri wa ku Siyaso amene amayeza chitsulo ndi diso, namwino wakale amene amangoyang'ana mwana pa mzere n'kumulowetsa patsogolo, onsewa nzeru zawo zinasulidwa ndi kulakwa kokonzedwa msanga. Pa ntchito zawozo, ine ndikhoza kuwakhulupirira kuposa munthu wa mapepala amene sanagwirepo sipanala.

Vuto ndi lakuti moyo suli wonse ngati bokosi la matimati. Pali zinthu zimene yankho lake limabwera patatha zaka makumi atatu, zina sizioneka ndi maso, zina timazichita kamodzi kokha pa moyo. Ndipo mzinda uno uli ndi khalidwe losintha malamulo a masewera mpira uli m'kati.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pamene bala lili. Kwa bambo amene anayamba ntchito m'ma 1970, nzeru inali yoonekeratu: sunga ku Post Office, lipira inshuwalansi mwezi ndi mwezi, usakhudze penshoni. Amene ankadya zonse ankatchedwa wopanda mutu, ndipo ankayeneradi dzinalo, chifukwa kwa zaka zambiri wosunga ankapindula. Kenako dola ya Zimbabwe inayamba kusungunuka. Banki yaikulu inachotsa maziro atatu pa ndalamayo mu Ogasiti 2006, maziro khumi mu Ogasiti 2008, ndi ena khumi ndi awiri mu Febuluwale 2009. Chiwerengero cha boma cha kukwera mitengo mu Julayi 2008 chinali 231 miliyoni peresenti pachaka, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho akatswiri ena anawerengera kuti mitengo inkawirikiza kawiri pafupifupi tsiku lililonse. Mu Januwale 2009 kunatuluka pepala la madola 100 thililiyoni. Penshoni ya zaka makumi atatu inasanduka mtengo wa buledi. Bambo uja sanalakwitse kuganiza. Anachita zimene dziko linamuphunzitsa, dzikolo n'kutembenuka.

Ana ake anaphunzira nzeru yatsopano, yotsutsana ndi ya bambo awo: ndalama ikalowa isagone, gula simenti, gula njerwa, gula madola a America uwabise. Kuyambira 2009 dziko litayamba kugwiritsa ntchito ndalama zakunja, zinthu zinakhazikika, ndipo ena anayambanso kubwerera ku banki. Mu Novembala 2016 kunabwera ndalama za pepala zotchedwa ma bond note, ndi lonjezo lakuti imodzi ndi yofanana ndi dola imodzi ya America. Pa msewu anthu sanakhulupirire, ndipo apa msewu unalondola: mu Febuluwale 2019 ndalama za m'maakaunti zinatchedwa madola a RTGS, zinayambira pa 2.5 ku dola imodzi ya America, n'kumatsetsereka. Ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho inagwetsedwa mphamvu ndi maperesenti opitirira 40. Munthu amene wawona zonsezi akamakana kusunga ku banki, musamuseke. Mphini zake n'zenizeni.

Komabe nzeru yatsopanoyi ili ndi maenje ake, ndipo sitikonda kuwatchula. Madola obisa pansi pa matiresi amaitana achifwamba, ndipo nthawi zambiri amene amawalozera njira ndi munthu wodziwa za m'nyumbamo. Katundu wounjika pa msika amapsa, monga anaonera amalonda a ku Mbare pa moto wa mu Okutobala 2024. Njerwa nazonso, zimene timati siziwola, zimagwa. Mu 2005 pa Operation Murambatsvina, pamene boma linagumula nyumba ndi misika imene linati ndi yosaloledwa, lipoti la bungwe la United Nations linawerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera chakudya. Kuchokera apo anthu ambiri agulabe mapuloti kwa akamberembere ogulitsa malo osakhala awo, ena m'madambo, n'kumanga nyumba yabwino imene pambuyo pake inagumulidwa ndi kansolo. Pogula ankaona kuti anzawo amanga kale pomwepo, magetsi akuyaka, ana akusewera panja. Diso linati zonse zili bwino. Koma umwini wa malo sukhala pa malopo, umakhala m'mabuku a ku ofesi, kumene diso la wogula silinafike.

Apa ndi pamene nzeru za m'mutu zimagwa kawirikawiri: zimakhulupirira chooneka. Nkhani ya madzi ikuonetsa zimenezi mopweteka. Harare imamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, imene ili kumunsi kwa mzinda womwewo, kotero zonyansa za mzinda zimatsetserekera komwe timatunga. Madzi amayeretsedwa ku Morton Jaffray, koma m'madera ambiri pampopi pamatha masiku pali gwa, ndipo akabwera nthawi zina amakhala ndi mtundu ndi fungo. Ndiye mayi aliyense woganiza amayerekeza: apampopi ndi obiriwira, apamjigo ndi oyera mbee, ozizira, okoma. Asankha ati? Aliyense angasankhe apamjigo. Koma mu Seputembala 2018 kolera itabuka ku Glen View ndi ku Budiriro, zinapezeka kuti mijigo ndi zitsime zina zinalowa zonyansa zochokera m'mapaipi a suweji ophulika. Madziwo ankaoneka oyera chimodzimodzi. Tizilombo ta kolera ndi taifodi sitisintha mtundu wa madzi, sitinunkha, sitiwawa pa lilime. Ndipo izi zinachitika patangotha zaka khumi chichitikireni mliri wa 2008 ndi 2009, umene unadwalitsa anthu pafupifupi 100,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 4,000.

Si ife oyamba kupusitsidwa ndi madzi oyera. Ku London mu 1854, anthu ambiri, madokotala omwe, ankakhulupirira kuti kolera imayenda ndi mpweya wonunkha. Zinkamveka zanzeru: kumene kukununkha ndi kumene anthu akufa. Dokotala wina, John Snow, anachita chinthu chotopetsa. Anawerenga akufa nyumba ndi nyumba n'kufunsa kumene ankatunga madzi, ndipo pafupifupi mizere yonse inaloza ku mjigo umodzi wa mu Broad Street. Madzi a mjigo umenewo anthu ankawakonda, moti mayi wina amene ankakhala kutali ankachita kuwaitanitsa chifukwa cha kukoma kwake, ndipo anamwalira nawo. Chimene chinapulumutsa anthu si mphuno kapena lilime, koma kuwerenga. Lero kuwiritsa madzi kapena kuthiramo mankhwala a klorini kumaoneka ngati nzeru wamba imene aliyense ayenera kukhala nayo, koma inayamba ngati mfundo ya anthu ochepa otsutsana ndi ambiri. Zambiri zimene timazitcha zodziwikiratu zinalowa m'mitu mwathu kudzera pa khomo limeneli.

Pa mwana wotsegula m'mimba napo, mutu umanena zinthu zomveka koma zakupha. Umati: chilichonse chimene akumwa chikungodutsa, ndiye tileke kumupatsa kuti m'mimba muume. Liwombo likalowa, agogo amati ndi matenda a liwombo, napaka mankhwala pamutu. Agogowo aona bwino, liwombo lalowadi, ndipo ndi chizindikiro choopsa. Cholakwika ndi tanthauzo lake. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo mankhwala ake ndi kumwetsa: ORS wa kuchipatala, kapena ngati palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, kuyamwitsa osaleka, n'kuthamangira kuchipatala. Diso la agogo ndi lofunika, chifukwa ndilo limaona msanga kuposa la mayi wachitsikana. Koma diso likaona, pafunika wina wodziwa zimene zikuchitika m'kati.

Malo ena amene mutu umatigwetsa ndi pa manambala okula mowirikiza. Mu 2016 anthu ambiri kuno, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma omwe, analowa MMM, chinyengo chimene chinayambitsidwa ndi Sergei Mavrodi wa ku Russia. Lonjezo linali phindu la 30 peresenti pamwezi. Kulimva, 30 peresenti silimveka ngati bodza lalikulu. Wakatapila amalipiritsa zoposa pamenepo. Koma tengani pensulo. Madola 100 okula ndi 30 peresenti mwezi uliwonse amapitirira 2,300 pakutha chaka, ndipo pakutha zaka zitatu amapitirira miliyoni imodzi. Palibe munda, mgodi kapena sitolo imene imabala chonchi. Ndalamazo zimachokera kwa olowa kumene, ndipo tsiku limene olowa achepa, zonse zimaima. Zinaimadi chaka chomwecho. Mutu wa munthu umawerenga mowonjezera, khumi, makumi awiri, makumi atatu. Kuwirikiza sumakumva mpaka utakulemba.

Chimene chinakopa anthu kwenikweni si masamu. Ndi mnansi. Mlamu wanu walowa, walandira, wagula firiji, mwaiona ndi maso, mwamwamo madzi ozizira. Kodi pali umboni woposa pamenepo? Ndipo achinyengowo anali ochenjera, chifukwa anachiveka chinthucho malaya a chipereganyu: ankati ndi kuthandizana, lero upereka thandizo, mawa ulandira. Ife chipereganyu timachidziwa, anzathu a Chishona amati mukando, ndipo chatithandiza kulipira fizi ndi kugula mapoto kwa zaka zambiri. Koma m'chipereganyu ndalama sizibala. Anthu khumi akasonkha madola makumi awiri aliyense, wolandira amatenga 200, osaposa, ndipo mumadziwana makomo. Nzeru imene inaphunziridwa pa gulu la amayi odziwana inanyamulidwa n'kukaikidwa pa intaneti, pakati pa anthu osaonana nkhope. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ambiri amene analuza mwambiwu ankaudziwa bwino lomwe. Kuudziwa sikunawathandize, chifukwa m'maso mwawo sanaone mkuyu, anaona chipereganyu.

Firiji ya mlamu ija ikutikumbutsa msampha wina, umene mbiri yathu yomwe imaudziwa. Timaweruza ndi amene akuoneka. Kale kumudzi, wobwera kuchokera ku Salisbury kapena ku Joni ankafika ndi njinga, suti ndi galamafoni, anyamata onse n'kuyamba kumanga katundu. Amene zinawakanika sankabwera kudzafotokoza. Ankangokhala konko, manyazi atawagwira, n'kutchedwa machona, ndipo ena a ife ndife adzukulu awo. Lero zikuchitikanso. Pa Khirisimasi magalimoto a manambala a ku Gauteng amadzaza misewu ya ku Highfield, mnyamata n'kumati kumeneko ndiye kuli moyo. Amene akugona asanu m'kachipinda kamodzi opanda mapepala sabwera pa Khirisimasi, ndipo pa Facebook saika chithunzi. Sindikunena kuti kupita n'kulakwa. Ambiri apitadi n'kuthandiza mabanja awo. Ndikunena kuti wowerenga magalimoto okha wawerenga theka la anthu.

Tsopano pali nkhani imene imatikhudza ife kuposa anansi athu. Munthu wobadwira ku Mbare, wophunzira ku Mbare, amene ku Dedza kapena ku Mangochi sanapondeko, mutu wake umamuuza chinthu chosavuta: ndinabadwira kuno, ndine wakuno. Ndani angatsutse? Lamulo linatsutsa. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunafuna kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo akane unzika umenewo motsata ndondomeko, m'miyezi yochepa yokha. Ambiri sanamve n'komwe, ena anamva koma anati sizikundikhudza, ndikane bwanji chinthu chimene sindinakhalepo nacho? Funso lanzeru ndithu. Koma anapezeka ali ndi zitupa zowatcha alendo, osaloledwa kuvota, ovutika kupeza pasipoti. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza mbali yaikulu: wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma lamulo silisintha chitupa chili m'thumba. Mwini wake ayenera kupita ku ofesi ya kalembera kukachisintha, ndipo kholo lopanda mapepala limavutika kutengera mwana satifiketi ya kubadwa, mwanayo n'kudzavutika pa mayeso ndi pa ntchito. Pa nkhani za mapepala, kumveka kwa chinthu si umboni. Apa mwambi wogwira ntchito ndi uja wa safunsa amene anadya phula.

Musaganize kuti lamulo limanyoza nzeru wamba. Makhoti a Zimbabwe, amene amatsata malamulo a Roman-Dutch, akafuna kudziwa ngati munthu anachita mosasamala amafunsa funso limene agogo aliyense angalimve: kodi munthu woganiza bwino, ali pamalo pomwepo, akanaona kuti pakhoza kuchitika ngozi, ndipo akanachitapo kanthu kuipewa? Wokumba dzenje pafupi ndi njira ya ana a sukulu n'kulisiya losatseka sangadziteteze ponena kuti palibe chikwangwani chinamuletsa. Ku High Court, pa milandu ikuluikulu ya upandu, woweruza amakhala ndi anthu awiri omuthandiza kuyeza umboni, osankhidwa chifukwa cha kudziwa kwawo za moyo ndi za anthu. Koma onani mmene khoti limaimangira nzeruyo. Silifunsa zimene woimbidwa mlandu ankaganiza kuti n'zanzeru, limafunsa za munthu wosamala. Limamva mbali zonse ziwiri, limalemba zifukwa zake, ndipo khoti lapamwamba likhoza kuzikana. Nzeru wamba imaloledwa kulankhula, koma siiloledwa kulankhula yokha.

M'mabanja mwathu ndi mmene imalankhula yokha. "Aliyense amadziwa zimenezo." Mawu amenewa amatseka pakamwa msanga kuposa ndodo. Aliyense amadziwa kuti mwana wamkazi ukamuphunzitsa kwambiri sakwatiwa. Aliyense amadziwa kuti munthu wonenepa alibe kachilombo. Aliyense amadziwa kuti wamasiye amene sanalire mokweza akudziwapo kanthu. Ndipo tisaiwale kuti m'makomboni muno munali nthawi imene aliyense ankadziwanso zinthu zambiri zokhudza ife, anthu a gule, obwera, opanda kumudzi, ndipo onena zimenezo ankamva mumtima kuti akunena zodziwikiratu. Amene analawapo mbali yowawa ya mawu amenewa ayenera kukhala woyamba kuwakayikira akamatuluka m'kamwa mwake. Nthawi zambiri chimene chimatchedwa nzeru pa msonkhano wa banja ndi maganizo a amene ali ndi mpando, ndipo mtengwa kapena mphwake amene wawerenga kalata ya dokotala amangoyang'ana pansi.

Izi sizikutanthauza kuti wamng'ono wa foni m'manja ndiye wolondola. Iyenso ali ndi "aliyense amadziwa" wake, wochokera m'magulu a WhatsApp, ndipo wake ndi woopsa kwambiri chifukwa sanayesedwe ndi moyo wa munthu aliyense. Malume amene akuti musabwereke ndalama za katapila kuti mupangire ukwati akulankhula zimene aziona zikubwerezeka kwa zaka makumi anayi, m'dera limene malamulo ake sanasinthe: ngongole ndi ngongole, chiwongoladzanja sichigona. Pamenepo amvereni. Malume omwewo akayamba kufotokoza za mlingo wa mankhwala a shuga, kapena za chimene chigawo chakuti cha lamulo chimanena, funso laulemu ndi lakuti, "Malume, zimenezi munazionera kuti?" Si mwano. Ndi funso lomwe lija la Kahneman ndi Klein litavala zakwathu: mwazichita kangati, ndipo mutalakwa akanakuuzani ndani?

Mabungwe a maliro, amene anthu athu anayamba kalekale m'migodi ndi m'makomboni poopa kuikidwa ngati galu kudziko la eni, anafika pa mfundo imeneyi popanda kuwerenga katswiri aliyense. Posankha msungichuma amagwiritsa ntchito mutu: amayang'ana munthu amene amudziwa zaka zambiri, wosamwa mwauchidakwa, wa pakhomo pokhazikika. Pa kuweruza khalidwe la munthu amene umakumana naye mwezi ndi mwezi, mutu ndi chida chabwino. Koma akamusankha samusiyira chikwama n'kupita. Pamakhala buku. Ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse, mlembi amalemba, wapampando amasaina, ndipo kutulutsa ndalama kumafuna anthu oposa mmodzi. Amene wadumpha miyezi ingapo osasonkha amadziwa chimene malamulo a bungwe akunena, ndipo malamulowo analembedwa tsiku limene kunalibe maliro. Cholinga chake n'chakuti pa tsiku la chisoni, mayi akulira ndipo abale akukakamiza kuti thupi lipite kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, pasapezeke woyamba kuganiza pomwepo za ndalama zimene bungwe lingapereke.

Zaka za 2008 zinawaphunzitsanso china. Mabungwe amene anasunga chuma chawo chonse m'madola a Zimbabwe anapezeka ali ndi buku lolembedwa bwino koma losagula ngakhale thabwa limodzi la bokosi. Ndiye masiku ano mkangano wa pa msonkhano umakhala wakuti tisonkhe mu ndalama iti, tisunge kuti, tigule matenti ndi mipando yobwereketsa kapena tilipire kampani ya maliro mwezi ndi mwezi. Achikulire amakumbutsa za penshoni zimene zinasungunuka m'makampani, achinyamata amabwera ndi mitengo imene afunsa m'maofesi atatu, ndipo msungichuma amawerenga zimene maliro apitawo anadya, kuyambira bokosi, manda, basi ya anthu, mpaka ufa ndi kabichi.